Nkhondo Zinatha, Koma Zikadali M'misewu, M'nyumba ndi M'minda ya ku Vietnam

Mlendo akafika mumzinda uliwonse wa ku Vietnam amadabwa kuti mayina a misewu ndi omwewomwewo. Ku Hanoi kuli msewu wa Hai Ba Trung, ku Hue uliko, ku Ho Chi Minh City nakonso uliko. N'chimodzimodzi ndi Ngo Quyen, Tran Hung Dao, Le Loi ndi Quang Trung. Onsewa anali atsogoleri a nkhondo, ndipo palibe mmodzi yemwe amene anamenyana ndi America. Adani awo ankachokera kumpoto, kumene kuli China.

Kunja kuno tikamva za nkhondo ya ku Vietnam timaganiza za mahelikopita a ku America. Eni ake amaitchula kuti nkhondo ya America, pofuna kuisiyanitsa ndi zinzake, chifukwa zilipo zambiri ndipo ina inatenga zaka mazana. Anthu ena amati dziko limeneli likulemera lero chifukwa nkhondo zinalimbitsa anthu ake. Mawu amenewo ndi okoma kumva koma ndi operewera. Nkhondo zinasiya zinthu ziwiri zimene zimakokanakokana: boma lodziwa kusonkhanitsa anthu onse pa ntchito imodzi, ndi mabanja amene anaphunzira kusadalira aliyense. Choyambacho chinapambana nkhondo, kenako n'kutsala pang'ono kupha anthu ndi njala mtendere utabwera. Chachiwiricho n'chimene chinawadyetsa.

Kukhala pafupi ndi njovu

Ufumu wa Han wa ku China unalanda chigwa cha mtsinje wa Red River m'chaka cha 111 B.C., ndipo ulamuliro wa China unakhalako pafupifupi zaka 1,000. Kuukira kunalipo, monga kwa amayi awiri apachibale a Trung (Hai Ba Trung aja) m'chaka cha 40 A.D., amene analamulira zaka zitatu asanagonje. Ufulu weniweni unabwera mu 938 pa mtsinje wa Bach Dang, ndipo mmene unabwerera ndi nkhani imene mwana aliyense wa sukulu amaidziwa.

Mtsinjewo umathira m'nyanja yamchere, choncho madzi ake amadzaza ndi kuphwera tsiku ndi tsiku. Ngo Quyen analamula anthu kudula mitengo ikuluikulu, kuisongola, kuiveka chitsulo kunsonga, n'kuikhoma pansi pa mtsinje madzi ataphwera. Madzi atadzaza, zikhomo zonse zinabisika. Kenako timabwato tating'ono tinapita kukaputa zombo za adani n'kunamizira kuthawa. Zombozo zinathamangitsa timabwatoto mpaka kudutsa pamwamba pa zikhomo, ndipo pamene zinkabwerera madzi anali ataphwera. Chinsinsi chonse chinali nthawi. Mukaputa mdani msanga, amabwerera madzi akadali ambiri ndipo msampha sugwira. Patapita zaka 350, mu 1288, Tran Hung Dao anatchera msampha womwewo pamtsinje womwewo, ndipo anamiza zombo za Amongolo. Zina mwa zikhomozo zinafukulidwa m'matope ndipo zilipo mpaka lero.

Koma chofunika kwambiri n'chimene ankachita nkhondo ikatha. Le Loi atagonjetsa asilikali a ufumu wa Ming mu 1427 sanawaphe. Anawapatsa mabwato ndi mahatchi kuti azipita kwawo, kenako n'kutumiza mphatso kwa mfumu ya ku China. Quang Trung naye atathamangitsa asilikali a ufumu wa Qing wa ku China mu 1789 anatumiza amithenga kukapempha kuti China imuvomereze kukhala mfumu. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. China sidzasamuka, ndiye ukaimenya lero, mawa ukaipatse moni. Anatengeranso zambiri kwa mdaniyo: zilembo, chiphunzitso cha Confucius, ndi mayeso osankhira akuluakulu a boma, amene analembedwa komaliza mu 1919.

Tisawapange oyera mtima. Iwonso anali olanda. Mu 1471 anagwetsa Vijaya, likulu la ufumu wa Champa, ndipo chigwa cha Mekong, chimene lero ndi nkhokwe yawo ya mpunga, chinali cha anthu a mtundu wa Khmer. Anamenyananso okhaokha: mabanja a Trinh ndi Nguyen anagawana dziko pa mtsinje wa Gianh m'zaka za m'ma 1600, kalekale Azungu asanajambule malire alionse.

M'nkhondo zina mafumu ankathawa m'likulu, koma mudzi unkatsala. Mudzi wakumpoto unkazunguliridwa ndi mpanda wa nsungwi wothithikana, unali ndi minda yake yogawana, ndipo msonkho unkaperekedwa ndi mudzi wonse, osati munthu payekha. Ali ndi mwambi wonena kuti lamulo la mfumu limagonja pa mwambo wa m'mudzi. Ali ndi winanso wakuti mdani akafika pakhomo ngakhale mayi amamenya nkhondo.

Afalansa, njala ndi njinga

Zombo za France zinaukira Da Nang mu 1858 n'kulanda Saigon, mzinda umene lero ndi Ho Chi Minh City, chaka chotsatira. Chuma chimene Afalansa anamanga chinali chotulutsa katundu: mpunga wa ku Mekong, malasha a ku Hon Gai, ndi minda ya mitengo ya labala monga ya kampani ya Michelin. Boma lawo linkapeza ndalama zambiri pogulitsa lokha mchere, mowa ndi opium. Anasiyanso zinthu zimene eni dziko anazisandutsa zawo: khofi wothira mkaka wa m'chitini, buledi wa banh mi, ndi kulemba chinenero chawo m'zilembo zachilatini, zimene amishonale anayamba m'zaka za m'ma 1600. Zilembozi munthu amaziphunzira m'miyezi yochepa, pamene za ku China zinkatenga zaka, ndipo omenyera ufulu anazigwiritsa ntchito kuposa mmene Afalansa ankafunira.

Chakumapeto kwa 1944 ndi kumayambiriro kwa 1945 kumpoto kunagwa njala yoopsa. Asilikali a Japan, amene analowa m'dzikolo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ankalanda mpunga ndi kukakamiza alimi kudzala mbewu zopangira zingwe ndi mafuta, mabomba anali atadula njanji yobweretsa chakudya kuchokera kumwera, ndipo nyengo nayo inavuta. Ofufuza ambiri amati panafa anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Ho Chi Minh, mtsogoleri wa omenyera ufulu, polengeza ufulu pa 2 September 1945 ananena 2 miliyoni. Gulu lake la Viet Minh linatchuka chifukwa chothyola nkhokwe za mpunga n'kugawira anthu. Boma latsopanolo linatchula adani atatu: njala, umbuli ndi olanda dziko. Kuyambira pamenepo vuto lililonse lalikulu amalitchula m'chinenero cha nkhondo. Ngakhale mu 2020 boma linkauza anthu kuti alimbane ndi Covid-19 ngati mmene amalimbanirana ndi mdani.

Afalansa sanauvomere ufuluwo ndipo anamenyana ndi Viet Minh. Ku Dien Bien Phu iwo anamanga linga m'chigwa poganiza kuti palibe angakweze mizinga pamapiri ozungulira, ndiponso kuti gulu lalikulu la asilikali silingadyetsedwe kutali chonchi. Vo Nguyen Giap, mkulu wa asilikali a Viet Minh, anakweza mizingayo ndi zingwe, ndipo mpunga unabwera pa njinga zakapalasa. Njingazo ankazilimbitsa ndi matabwa ndi zitsulo, n'kumangirira ndodo ya nsungwi pachiwongolero kuti munthu aziwongolera ali chapatali, ina kumbuyo kwa chishalo yokankhira. Sankaikwera, ankangoikankha, ndipo inkanyamula makilogalamu 200 kapena kuposa. Linga linagwa pa 7 May 1954. Msonkhano wa ku Geneva unagawa dziko pa mtsinje wa Ben Hai, kumpoto kukhala kwa boma la Ho Chi Minh, ndipo anthu oposa 800,000, ambiri a iwo Akatolika, anasamukira kumwera.

Akufa amene sanabwere kwawo

Ziwerengero za nkhondo ya America n'zodziwika. Asilikali a America, amene ankathandiza boma la kumwera polimbana ndi la kumpoto, anafika pa 543,000 mu 1969, ndipo pafupifupi 58,000 anafa. Boma la Vietnam linanena mu 1995 kuti asilikali a mbali yake 1.1 miliyoni ndi anthu wamba pafupifupi 2 miliyoni anafa. Saigon, likulu la boma la kumwera, inagwa pa 30 April 1975.

Kuti mumvetse kulemera kwa ziwerengerozi, lowani m'nyumba. Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi guwa la makolo pamalo olemekezeka: zithunzi za omwalira, mphika wa lubani, zipatso, timakapu ta madzi kapena mowa. Tsiku limene banja limakumbukira ndi lomwalira munthu, osati lobadwa, ndipo chaka chilichonse pa tsikulo amaphika n'kuitana abale. Tsono mwana amene anafera m'nkhalango, tsiku losadziwika, manda osadziwika, amamukumbukira liti? Malinga ndi chikhulupiriro chawo, mzimu wotere umayendayenda ndi njala. Asilikali pafupifupi 300,000 ankawerengedwa kuti anasowa, ndipo mpaka lero mabanja amayenda maulendo ataliatali kufunafuna mafupa, ena kudzera kwa asing'anga olankhula ndi mizimu, ena kudzera m'kuyeza DNA. Mabanja ambiri osadziwa tsiku anangotenga 27 July, tsiku limene dziko limakumbukira asilikali ovulala ndi ofera dziko.

Boma limapereka chikalata cholemekeza wofera dziko, chimene amachipachika pamwamba pa guwa, komanso ndalama ya mwezi ndi mwezi. Mu 1994 linakhazikitsa ulemu wapadera wa amayi amene anataya ana angapo kapena mwana mmodzi yekhayo. Koma ulemu wonsewu ndi wa mbali imene inapambana. Asilikali a boma la kumwera, amenenso anafa ochuluka zedi, alibe chikalata. Pali mabanja amene pa guwa limodzi pali zithunzi za ana awiri amene anafera mbali zosiyana, ndipo mayi amawayatsira lubani mofanana.

Mtendere umene unabweretsa njala

Atapambana, atsogoleri a ku Hanoi anaganiza kuti njira imene inagonjetsa America igonjetsanso umphawi. Chuma cha nthawi ya nkhondo anachifalitsa dziko lonse: boma limagula zokolola pa mtengo wake, limagawa chakudya ndi makuponi, ndipo minda ndi ya kopaletivi. Nthawiyi amaitcha bao cap, ndipo inatenga kuyambira 1976 mpaka 1986.

Mu kopaletivi ntchito inkayamba ndi kulira kwa chitsulo, kawirikawiri chigoba cha bomba chopachikidwa pamtengo. Mlimi ankalipidwa mapointi malinga ndi ntchito ya tsikulo, ndipo pokolola, boma ndi kopaletivi zikatapa gawo lawo, zotsalazo ankagawa potengera mapointi. Vuto lili poyera. Pointi imawerenga kuti munthu anafika kumunda, siiona ngati mbande anaiwokera bwino. Wopalira mosamala ndi wongodutsamo amalandira chimodzimodzi. Njati yolimira inali ya aliyense, choncho panalibe woidyetsa. Mabanja ankaloledwa kusunga magawo 5 okha pa 100 alionse a minda kuti azilima zawozawo, koma timinda timeneti n'timene tinkawapatsa gawo lalikulu la zimene ankapeza, nthawi zina kuposa theka. Manyowa onse abwino ankathera kumeneko. Pa nthawi ya nkhondo anthu ankapirira dongosololi chifukwa mwana wawo anali kunkhondo ndipo kopaletivi inkasamala mabanja a asilikali. Nkhondo itatha, chifukwa chopiririra chinathanso.

Kumwera zinthu zinaipiratu. Alimi a ku Mekong, amene anazolowera kugulitsa pamsika, ankapha ziweto kapena kugulitsa makina m'malo mozipereka ku kopaletivi. Mu March 1978 boma linatseka mabizinesi a anthu wamba ku Saigon, makamaka a amalonda ochokera ku China a ku Cholon. M'misewu ndi m'mitsinje munali zipata zolanda mpunga uliwonse wodutsa malire a chigawo, moti mzinda unkagona ndi njala pamene mpunga uli pamtunda wa maola ochepa. Wogwira ntchito m'boma ankayenera kulandira makilogalamu 13 a mpunga pamwezi, koma kambiri gawo lina linkabwera ngati chinangwa, mbatata kapena mbewu zolimba zochokera kunja. Banja lililonse linali ndi kabuku kolandirira mpunga, ndipo mpaka lero munthu akaoneka wokhumudwa kwambiri amamunena kuti nkhope ili ngati wataya kabuku ka mpunga.

Ndalama nazo zinasinthidwa katatu: mu 1975 kumwera, 500 zakale pa imodzi yatsopano ndipo banja linali ndi malire a zimene lingasinthe, mu 1978, ndi mu 1985, 10 pa imodzi. Amene anasunga ndalama za mapepala analira. Mu 1986 mitengo ya zinthu inakwera kuposa 700 peresenti. Ichi n'chifukwa chake anthu a ku Vietnam amakhulupirira golide. Amamuyeza mu chi, magalamu 3.75, ndi luong, magalamu 37.5, ndipo kwa zaka zambiri mtengo wa nyumba unkatchulidwa mu golide, osati mu dong, ndalama ya dzikolo.

Pamwamba pa zonsezi nkhondo zinapitirira. Vietnam inalowa mu Cambodia mu December 1978 n'kuchotsa Khmer Rouge, gulu limene linkalamulira kumeneko, koma asilikali ake anakhalako mpaka 1989. China inabwezera poukira malire akumpoto mu February 1979. America inali italetsa malonda onse, ndipo bwenzi lalikulu lotsala linali Soviet Union. Anthu pafupifupi 800,000 anathawa pa mabwato n'kufika kumayiko ena. Amene anamira panyanja sakudziwika kuchuluka kwawo.

Kuthyola mpanda

Kusintha sikunayambire pamwamba. Kale mu 1966 Kim Ngoc, mkulu wa chipani cholamula cha Komyunisiti m'chigawo cha Vinh Phuc, analola makopaletivi kupatsa banja lililonse munda wake woti liziusamala. Anadzudzulidwa ndipo anakakamizidwa kuvomera kuti analakwa. Koma midzi inapitiriza mobisa, mabuku a kopaletivi akuonetsa zina, kumunda kukuchitika zina. Lamulo la mfumu linagonjanso pa mwambo wa m'mudzi. Ku Ho Chi Minh City, Vo Van Kiet, amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu, anatumiza anthu kukagula mpunga ku Mekong pa mtengo wa pamsika, zimene zinali zoletsedwa. Khalidwe limeneli analipatsa dzina lakuti kuthyola mpanda.

Chipani chinatsatira pang'onopang'ono. Lamulo la 1981 linati banja lipereke mlingo woikika, zotsala n'zake. Koma akuluakulu ankakweza mlingowo zokolola zikachuluka, ndipo alimi anagwanso ulesi. Msonkhano wa chipani wa December 1986 unalengeza Doi Moi, kutanthauza kukonzanso. Chimene chinasinthadi zinthu ndi chigamulo cha 1988, chimene chinapereka minda kwa mabanja kwa zaka zambiri n'kuwalola kugula zipangizo ndi kugulitsa zokolola kumene afuna. Mu 1988 Vietnam inkagulabe mpunga kunja. Mu 1989 inagulitsa kunja matani 1.4 miliyoni. Minda inali yomweyo, alimi omwewo. Lamulo la malo la 1993 linalola kugulitsa, kubwereketsa, kusiyira ana ndi kupereka chikole ufulu wolima mundawo, ngakhale nthaka yeniyeniyo siikhala ya munthu. Kusiyana kumeneku n'kumene kumabala mikangano yambiri lero, boma likamalanda minda pa chipukuta misozi chochepa kuti pamangidwe mafakitale.

Pano tiyenera kupereka ulemu ku mbali ina ija. Boma la nthawi ya nkhondo linaphunzitsa anthu ambiri kuwerenga, linaika kachipatala pafupifupi m'dera lililonse, ndipo minda kumpoto inagawidwa mofanana kwambiri. Msika utatsegulidwa, pafupifupi aliyense anali ndi poyambira. Mu 1993 anthu 58 pa 100 alionse anali osauka. Lero ndi ochepa kwambiri, ndipo mu 2023 dzikolo linagulitsa kunja matani oposa 8 miliyoni a mpunga.

Khofi naye ndi mwana wa nthawi imeneyo. East Germany, imene inalibe ndalama zakunja zogulira khofi, inagwirizana ndi Vietnam m'zaka za m'ma 1980 kuti itsegule minda ku Dak Lak. Pamene mitengo inkayamba kubereka bwino, East Germany inali itatha. Lero Vietnam ndi yachiwiri kwa Brazil pa khofi. Amene anataya pa zimenezi ndi mitundu ya m'mapiri monga Ede ndi Jarai, amene malo awo anadzaza ndi obwera, ndipo anachita zionetsero mu 2001 ndi 2004.

Malonda ndi adani akale

America inachotsa chiletso cha malonda mu February 1994, maubale anabwerera mu July 1995, ndipo pangano la malonda linayamba kugwira ntchito mu December 2001. Lero America ndiye msika waukulu wa katundu wa ku Vietnam, ndipo pafupifupi theka la nsapato za Nike zimasokedwa kumeneko. South Korea, imene inatumiza asilikali oposa 300,000 kukathandiza America, ili pamwamba pa mayiko oika ndalama m'dzikolo. Mafakitale a Samsung ku Bac Ninh ndi Thai Nguyen zaka zina amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zonse zimene dzikolo limagulitsa kunja. Othawa kwawo aja, amene kale ankatchedwa oukira, tsopano amatumiza kumudzi madola oposa 10 biliyoni pachaka. Ndi nzeru ya Le Loi ija.

Kugwa kwa Soviet Union mu 1991 kunawaphunzitsa kusatsamira mtengo umodzi. Mfundo zawo za chitetezo zimakana kulowa mgwirizano wa nkhondo ndi dziko lililonse kapena kulola malo a asilikali akunja. M'miyezi yosakwana khumi, kuyambira September 2023 mpaka June 2024, Hanoi inalandira Joe Biden, Xi Jinping ndi Vladimir Putin. Komabe chilonda cha China sichinapole. Mu 2014, China itaika chombo chokumbira mafuta m'nyanja imene akukanganirana, anthu okwiya anatentha mafakitale, ambiri mwa iwo a ku Taiwan amene anawayesa a ku China. Chonsecho nsalu ndi tizipangizo tambiri timene mafakitale awo amalumikiza timachokera ku China komweko.

Gulu la nkhondo nalo linalowa m'bizinesi. Lili ndi banki, limayendetsa madoko akuluakulu a makontena, ndipo Viettel, kampani yaikulu ya mafoni, ndi ya unduna wa zachitetezo. Inakula poyamba ndi kumidzi, kumene makampani ena ankakuona ngati kopanda phindu. Anthu a ku Tete ndi Niassa amaidziwa bwino ngakhale mwina sadziwa mwini wake: Movitel, imene inayamba ku Mozambique mu 2012, ndi nthambi yake, monganso Halotel ku Tanzania.

Zimene zikadali m'nthaka

Mabomba oposa matani 7 miliyoni anaponyedwa ku Vietnam, Laos ndi Cambodia, ndipo ena ochuluka ndithu sanaphulike, makamaka amene anagwera m'matope ofewa a minda ya mpunga. Boma limati aphetsa anthu oposa 40,000 chithere nkhondo. Oopsa kwambiri ndi timabomba tofanana ndi gwafa, timene ana amatitola ngati mpira, ndipo ambiri mwa ovulala anali otola zitsulo amene ankacheka mabomba kuti akagulitse. Ku Quang Tri, kumene kunali malire aja, mabungwe monga MAG ndi Norwegian People's Aid amayamba ndi kufunsa anthu a m'mudzi, kenako amagawa malo m'mabokosi a mamita 50 mbali zonse n'kuyesa lililonse ndi makina ofufuzira zitsulo, kuti adziwe pamene pakuthera ngozi asanayambe kuchotsa. Kabomba kakapezeka sakanyamula. Amakazinga ndi matumba a mchenga n'kukaphulitsira pomwepo. Chovuta n'chakuti madzi osefukira amafukula ndi kusuntha mabomba, moti munda umene wakhala ukulimidwa bwinobwino zaka zambiri ukhoza kutulutsa lina.

Mankhwala ophera nkhalango, makamaka Agent Orange, anapoperedwa kuyambira 1962 mpaka 1971, malita oposa 70 miliyoni. Poizoni wake, dioxin, sasungunuka m'madzi. Amamatirira ku dothi, n'kutsikira m'matope a maiwe, n'kulowa m'mafuta a nsomba ndi abakha, n'kufika m'mbale. Malo oipitsitsa ndi mabwalo a ndege kumene ankasungira migolo. Ku Da Nang anaunjika dothilo m'chinyumba cha konkire n'kulitenthetsa ndi magetsi mpaka madigiri 335 kuti poizoniyo achoke, ntchito imene inatha mu 2018 itadya madola pafupifupi 110 miliyoni. Ku Bien Hoa, kumene dothi loipa ndi lochuluka pafupifupi kanayi, ntchito inayamba mu 2019, ndipo m'maiwe ozungulira bwalolo kuwedza nsomba n'koletsedwa.